iReal Pro ndi yabwino koma inandinyamula kwambiri

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito iReal Pro pa foni kwa kanthawi ndithu pophunzira jazz pa gitala, ndiye ndati ndinene mmene ndaionera. App imeneyi imakuikira ma kodi pa sikirini kenako imayimba besi, ng'oma ndi piyano iwe n'kumayimba pamwamba pake. Tempo (liwiro la nyimbo) umatha kuitsitsa, key kuisintha nthawi yomweyo, ukhozanso kuzimitsa piyano kuti ma kodi uzigwira wekha. Kwa ine amene ndilibe anzanga oyimba nawo pafupi zandithandiza kwambiri, makamaka pa ii-V-I (mndandanda wa ma kodi atatu wofala mu jazz) ndi blues ya ma bar 12.

Koma tsiku lina magetsi atathima foni inatha moto, ndinanyamula gitala kuti ndiyimbe ndekha ndipo abale inu ndinkasochera pakati pa nyimbo ya ma bar 32, osadziwa kuti bridge (gawo lapakati la nyimbo) yafika liti, tempo ikungothamanga yokha ngati wina akundithamangitsa. Ndipamene ndinaona kuti masiku onsewa besi ija ndi imene imandiwerengera, ine khutu limangotsatira basi. Zinandiwawa ndithu.

Mverani Joe Pass, katswiri wa jazz pa gitala, akamayimba yekha, besi, ma kodi ndi melody zonse zili m'zala zake ndipo nthawi siigwedezeka. Ndimafuna zimenezo, ndipo backing track (zoyimbira zokuperekeza za mu app zija) payokha siingandifikitse kumeneko.

Panopa ndimayamba ndi metronome (kachipangizo kogunda nthawi) yokha, ndimaiika kuti izigunda pa beat 2 ndi 4, kuyimba melody ndi ma kodi mpaka form (kapangidwe ka nyimbo yonse) italowa m'mutu, kenako ndiye ndimatsegula app kuti ndimve ngati zikugwirizana ndi ng'oma. Ndalama imene ndinagulira app imeneyi sindidandaula nayo.