Kuphunzira ma options: kuwerenga, demo, ndalama zenizeni, kapena gulu la ma signal?

Mu 2005, njala itavuta, boma la Malawi linagwirizana ndi Standard Bank ya ku South Africa kuti likhale ndi ufulu wogula chimanga choyera chofika matani 60,000 pa mtengo wogwirizana kale, ngakhale chitakwera bwanji pamsika wa SAFEX ku Johannesburg. Ufuluwo unali wolipira, ndipo analipira ndi bungwe la DFID la ku Britain. Chimanga chikanatsika mtengo, boma likanangosiya panganolo n'kukagula kotchipa. Imeneyo ndiye call option. Aliyense amene anaperekapo chikole kuti wogulitsa amusungire katundu akudziwa kale theka la nkhaniyi, kungoti chikole cha option, chomwe amati premium, sichibwezedwa ndipo sachichotsera pa mtengo wa katunduyo. Put ndi mnzake wotembenuza: mumagula ufulu wogulitsa pa mtengo wokhazikika, monga mlimi woopa kuti mitengo igwa nthawi yokolola.

Kumvetsa zimenezi n'kosavuta. Chovuta n'kusankha kophunzirira zotsalazo, ndipo njira zimene anthu amatsata ndi zinayi.

Yoyamba ndi maphunziro aulere a eni msikawo. Bungwe la Options Industry Council, lomwe linayamba mu 1992, limaphunzitsa kwaulere pa intaneti, ndipo msika wa Cboe wa ku Chicago, umene unatsegulidwa mu 1973, uli ndi sukulu yakeyake ya Options Institute. Palinso chikalata cha Characteristics and Risks of Standardized Options chimene broker (kampani yokugulirani ndi kukugulitsirani pamsika) aliyense wa ku America amayenera kukupatsani musanayambe. N'chouma ngati mkute, tisanamizane. Koma kumeneko n'kumene mumamva zinthu zimene wokuitanirani malonda sanena: kuti pangano limodzi la ku America limaimira masheya 100, choncho premium ikalembedwa $2 ndiye kuti mutulutsa $200, kuti pangano lililonse lili ndi tsiku lothera, ndipo a mwezi ndi mwezi amatha Lachisanu lachitatu, kuti wogulitsa call alibe masheya ake m'manja akhoza kuluza ndalama zopanda malire. Ubwino wa njirayi n'ngwakuti palibe akukusakirani m'thumba. Kuipa kwake, zonse zili m'Chingerezi cha anthu a zachuma, ndipo mukhoza kuloweza delta (mmene mtengo wa option umasinthira mtengo wa sheya ukasintha) ndi theta (mmene umatsikira masiku akamatha) ngati ndakatulo ya kusukulu koma osadziwa batani loti mudine.

Apa n'pamene njira yachiwiri, ya demo kapena kuti akaunti yoyeserera, imaposa. Pa pulogalamu yochitira malonda ya thinkorswim, yomwe tsopano ili m'manja mwa Charles Schwab, pali paperMoney, ndipo Interactive Brokers nayo ili ndi akaunti yoyeserera. Amakupatsani ndalama zongoyerekeza, koma mitengo imatsata msika weniweni, ngakhale nthawi zambiri imafika mochedwa ndi mphindi zingapo. Ine theta ndinaimvetsa pa demo, osati m'buku. Tiyerekeze kuti sheya ili pa $50 ndipo mwagula call ya strike (mtengo wogwirizana uja) ya $55 pa premium ya $2, yotha pakatha mwezi. Kuti mungobweza $200 yanu pa tsiku lothera, sheyayo iyenera kufika $57. Ikafika $54, mwalosera bwino kuti ikwera, inde, koma pangano lanu latha lopanda kanthu. Mumaliona likusungunuka tsiku ndi tsiku ngati ayisi wa m'kulabokosi pa Chikwawa, sheya ili chiimire, ndipo sabata yomaliza limasungunuka mothamanga kuposa poyamba. Munthu wozolowera masheya a pa Malawi Stock Exchange, amene amagula NICO kapena National Bank n'kudikira zaka, zimenezi zimamudabwitsa kwambiri, chifukwa sheya imakudikirani pomwe option ili ndi wotchi.

Koma demo imanamanso pawiri. Choyamba, malonda amadutsa mosavuta kuposa pamsika weniweni, kumene pamakhala mpata pakati pa mtengo wa ogula ndi wa ogulitsa, ndipo pa ma options osatchuka mpatawo umadya phindu musanayambe n'komwe. Chachiwiri n'chamumtima. Kuluza madola zikwi zisanu zabodza sikulepheretsa munthu kugona. Ndiye mumazolowera kulimba mtima kumene mulibe, n'kumaika theka la thumba pa pangano limodzi chifukwa mawa mungoyambiranso. Mankhwala ake ndi kudziikira malire nokha: ngati ndalama zimene mungadzayambire nazo zenizeni ndi $500, sewerani ndi $500 yokhayo pa demo, zinazo muziyese kulibe.

Njira yachitatu ndi ya amene amati kusambira sakuphunzirira kumtunda: tsegula akaunti, ika ndalama pang'ono, gula call kapena put imodzi, uone. Pali zoona mmenemo. Wogula sangaluze kuposa premium imene walipira, ndiye mtengo wa phunzirolo mumaudziwiratu. Mantha, dyera ndi kuchedwa kugulitsa mumakumana nazo maso ndi maso, zimene demo singakuonetseni. Vuto ndi lakuti phunziro lililonse limadula, ndipo loipitsitsa ndi kupambana pa ulendo woyamba. Ambiri amene analowa mu January 2021, masheya a GameStop atauluka, anaona ngati apeza mgodi, pomwe inali mphepo chabe. Ma broker amafunsanso za ndalama zanu ndi luso lanu asanakuloleni, ndipo amakuikani pa mlingo woyenera. Musaname pa fomuyo kuti akukwezeni, mlingowo ndi mpanda woteteza inuyo.

Kwa amene tili kumudzi kuno pali phiri lina. Pa Malawi Stock Exchange sagulitsa ma options, ndiye muyenera kupita ku misika ya kunja, ndipo kumeneko amafuna madola. Kutumiza ndalama kunja kumadutsa m'malamulo a Reserve Bank of Malawi, madola m'mabanki ndi osowa, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Premium ya $200 kwa munthu wolandira makwacha si "ndalama pang'ono" ayi. Abale athu a ku Johannesburg, kumene JSE, msika wa masheya wa kumeneko, ili ndi msika wake wa ma options, kapena a ku Leeds ndi London, njira yachitatuyi ili pafupi nawo kuposa ife.

Yachinayi, ya ma signal, sindichedwapo. Magulu a pa WhatsApp ndi Telegram olipiritsa pamwezi kuti azikuuzani "gulani pano, gulitsani pano" sakuphunzitsani kanthu. Tsiku limene mwini gulu wasowa, mumabwerera pamene munayambira, thumba litapepuka. Ndipo yang'anitsitsani chimene akugulitsacho. Nthawi zambiri si ma options amene takamba pano, koma binary options, zija zolosera ngati mtengo ukwera kapena kutsika m'mphindi zisanu. Dzina likufanana, koma ndi juga: mukalondola, phindu limene amakupatsani silikwana zimene mwaika, mukaphonya zonse zapita. Mayiko a European Union analetsa kugulitsa zimenezi kwa anthu wamba mu 2018, ndipo bungwe la FCA ku Britain linaziletseratu mu April 2019. Wina akakuonetsani chithunzi cha galimoto ndi phindu la tsiku limodzi, mufunseni strike ndi tsiku lothera la pangano lake, mumve mmene ayankhire.

Mukandifunsa ine, yoyamba ndi yachiwiri ziziyendera limodzi, osati motsatizana. Werengani mutu umodzi, madzulo omwewo kauyeseni pa demo, ndipo lembani m'kope chifukwa chimene mwagulira, mtengo umene mutulukire zikayenda, ndi umene mutulukire zikavuta. Dikirani mapangano angapo athe m'manja mwanu, miyezi itatu kapena kuposa, muone kangati munalosera bwino koma n'kuluzabe. Yachitatu ibwere pambuyo pake, ndi pangano limodzi lokha logula, pa ndalama zimene si za fizi kapena lendi. Za kugulitsa ma options zidikire, pokhapokha muli kale ndi masheya 100 a kampaniyo oti aikire kumbuyo call imene mwagulitsa.

Nthawi nayo muiganizire. Msika wa ku New York umatsegula 9:30 m'mawa kwawoko, yomwe kuno ndi 3:30 masana kuyambira March mpaka kumayambiriro kwa November, ndi 4:30 miyezi inayo, n'kutseka patatha maola asanu ndi limodzi ndi theka. Wogwira ntchito mu ofesi amaupeza poweruka, magetsi ndi bandulo zikalola.