Wotchi ya DGT 3000: chida chosandutsa chess yocheza kukhala mpikisano

Anthu awiri akamasewera chess pongocheza, palibe amene amafulumizitsa mnzake. Wina amayang'ana bolodi mphindi khumi dzanja lili pachibwano, n'kusuntha, kenako n'kupempha kuti abweze. Mukangoika wotchi pambali pa bolodi lomwelo, zonsezi zimatha. Tizidutswa timayendabe monga kale, koma nthawi nayo yasanduka chuma chotha kuwonongeka, moti munthu amene watsala pang'ono kugwira mfumu ya mnzake akhoza kuluza chifukwa masekondi amuthera. Opikisana akale anayamba ndi mawotchi a mchenga cha m'ma 1861, ndipo wotchi ya nkhope ziwiri inagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa ku London mu 1883. Vuto linali lomweli: munthu wosathamangitsidwa amatha kupambana pongotopetsa mnzake.

DGT 3000 imapangidwa ndi kampani ya DGT ya ku Netherlands, inatuluka mu 2014, ndipo FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, linaivomereza. Ndi ya pulasitiki, imayendera mabatire awiri a AA, ili ndi sikirini imodzi yotambalala, mabatani asanu kutsogolo, batani loyatsira kunsi, ndi chodinira chimodzi pamwamba chimene mukatsitsa mbali yanu, mbali ya mnzanu imakwera. Chodinira chimenechi n'chabwino kuposa mabatani awiri osiyana, chifukwa ngakhale muli patali mumaona amene nthawi yake ikuyenda. Sikirini imaonetsa masekondi kuyambira pachiyambi penipeni, zimene mawotchi ena akale sankachita mpaka nthawi itatsala yochepa.

Mphamvu yake yeniyeni ili pa njira zowerengera nthawi. Zokonzeratu zilipo 25, ndipo malo ena asanu, 26 mpaka 30, ndi oti musungemo zanu. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, makamaka posiyanitsa njira ya Fischer ndi ya Bronstein. Ya Fischer imawonjezera masekondi nthawi iliyonse mukasuntha. Pa mphindi 3 zowonjezera masekondi 2, mukasuntha m'sekondi imodzi mwapindula sekondi imodzi, choncho wosewera wochenjera amasuntha mofulumira kangapo kuti akundike nthawi yoganizira pamalo povuta. Ya Bronstein imangokubwezerani zimene mwagwiritsa ntchito, osapitirira malire oikidwawo, moti nthawi yanu singakule ngakhale muthamange bwanji. Palinso ina yofala ku America, imene wotchi imadikira kaye masekondi angapo isanayambe kudula nthawi yanu. Zimaoneka ngati zazing'ono, koma zimasintha khalidwe la masewerawo kumapeto: pa Fischer munthu wopanikizika amatha kupezanso mpweya, pa zinazo amakhalabe pamphepete mpaka mapeto.

Si ya chess yokha. Ili ndi byo-yomi, njira yowerengera nthawi ya masewera a pabolodi otchedwa Go, komanso njira ya Scrabble imene ikafika pa ziro imayamba kuwerenga chokwera, popeza kumeneko wopitirira mphindi zake 25 saluza pomwepo koma amadulidwa mapointi 10 pa mphindi iliyonse.

Kuikonza sikovuta mukazolowera. Yatsani kunsi, nambala ya njira iyamba kuphethira. Sankhani ndi batani la + kapena la −, mutsimikize ndi lolozera kumanja, muonetsetse kuti chodinira chakwera kumbali ya wosewera zoyera, kenako dinani batani lapakati. Mndandanda wa manambala unalembedwa kunsi kwa wotchiyo, koma zilembo zake n'zazing'ono. Chosangalatsa n'chakuti mukaizimitsa n'kuiyatsanso imabwerera pa njira imene munagwiritsa ntchito komaliza, choncho pa mpikisano wa mabolodi ambiri simukonzanso gawo lililonse. Ubwino womwewu umapusitsa: wotchi yochokera ku blitz (masewera othamanga a mphindi zochepa) ya dzulo ikhoza kuyamba masewera aatali ndi mphindi 3 ngati palibe amene wayang'ana.

Zolakwika zambiri zimachokera kwa anthu, osati ku makinawo. Chodinira chikayambira kolakwika, wotchi imaganiza kuti wosewera zakuda ndiye wa zoyera, ndipo kuwerenga kwa maulendo osuntha kumasokonekera. Kumasokonekeranso wina akadina kawiri, kapena akasuntha mosaloledwa n'kubweza. Izi zimapweteka pa nthawi yodziwika ya FIDE, ya mphindi 90 zosunthira ka 40, kenako mphindi 30 zomalizira, ndi masekondi 30 owonjezera kuyambira ulendo woyamba. Osewera ena amadabwa kuti asuntha ka 40 koma mphindi 30 sizinabwere, n'kuyamba kunena kuti wotchi yafa. Siinafe. Ikakonzedwa mwa njira yodalirika, mphindizo zimalowa pamene mmodzi watha nthawi ya gawo loyamba, ndipo umboni wa maulendo 40 ndi pepala lolembapo, osati sikirini. Pofuna kukonza nthawi pakati pa masewera, mwachitsanzo kupatsa wina mphindi 2 chifukwa mnzake wasuntha mosaloledwa, imitsani wotchi, mugwire batani lapakati masekondi pafupifupi atatu mpaka manambala ayambe kuphethira. Woyang'anira mpikisano aziyeserera zimenezi padera, chifukwa kuphunzira osewera awiri okwiya akukuyang'anani si chinthu chokoma.

Zofooka zake nazo zilipo. Sikirini ilibe nyali yam'kati, choncho m'chipinda cha mdima manambala amavuta kuona mukakhala chammbali. Kusunga njira yanu m'malo a 26 mpaka 30 kumafuna kudina kambirimbiri, nambala imodziimodzi, ndipo kulumpha sitepe imodzi kumasiya masekondi owonjezera mbali imodzi yokha. Yesani mbali zonse ziwiri musanayambe. Mabatire amakhalitsa kwambiri, ndipo kukhalitsa komweko n'kumene kumaiwalitsa anthu mpaka mabatirewo atayikira n'kudya tizitsulo tam'kati. Ngati wotchi ikhala miyezi osagwira ntchito, achotseni. Kulira kochenjeza kuti nthawi ikutha n'kothandiza kwa ophunzira, koma pa mpikisano kuzimitsidwe.

Kodi ndi yoyenera aliyense? Kalabu kapena wokonza mipikisano sangadandaule nayo, makamaka poti imalumikizidwa ku bolodi lamagetsi la DGT loulutsira masewera pa intaneti. Wongosewera ndi abale kunyumba, njira 25 zamuchulukira. Wotchi yosavuta kapena pulogalamu ya pafoni ikwanira, ngakhale foni siloledwa pamalo a mpikisano. Kwa ana ongoyamba kumene, wotchi ikabwera msanga imaphunzitsa dzanja kuthamanga mutu usanaganize. Ayambe ndi mphindi 15 zowonjezera masekondi 10, osati blitz, ndipo azolowere kudina ndi dzanja lomwe asunthira, monga lamulo limanenera.

Posankha nthawi ya mpikisano, werengani monga FIDE imawerengera: nthawi yoyambira kuphatikiza masekondi owonjezera kuchulukitsa ka 60. Zikakwana mphindi 10 kapena kucheperapo ndi blitz, zikapitirira 10 koma osafika 60 ndi rapid. Choncho mphindi 10 zowonjezera masekondi 5 zimakwana mphindi 15, ndipo imeneyo ndi rapid, ngakhale sikirini ikuonetsa 10 poyamba.