Kamikisa kamanja ka mawati 300: ndakagwiritsa ntchito miyezi inayi, ndikukapatsa nyenyezi zinayi

Kamikisa aka ndinakagula mu Juni m'sitolo ina yogulitsa ziwiya za m'khitchini ku Lilongwe. Ndi ka m'gulu lotchipa lija, kogwira m'manja, kali ndi masipidi asanu, timawaya tiwiri topukusira ndi tina tiwiri tokhota tokandira fulawa. Chimene ndinakagulira ndi chimodzi basi: mousse au chocolat.

Chakudya chimenechi anandiphunzitsa ndi alamu anga, amene anaphikirapo banja lina la Afalansa. Atanditchulira zofunika ndinaseka, chifukwa ndi zochepa kwambiri: chokoleti chakuda magalamu 200, mazira 6 ndi kamchere kotsina ndi zala. Fulawa ayi, uvuni ayi. Mawu oti mousse m'Chifalansa amatanthauza thovu, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Mphepo imene mwalowetsa m'zoyera za mazira ndi imene imanyamula chokoleticho. Ikachepa, mwaphika phala.

Ndipo phala ndinaphikadi, kawiri konse, pamene ndinkamenya mazira ndi foloko. Dzanja linkachita dzanzi thovu lisanaime. Ulendo wachiwiri apongozi analipo. Analawa supuni imodzi, n'kuiika pambali mwaulemu, amvekere, "Phalali ndi lokoma ndithu mwanangu, koma bwanji mwaliziziritsa chonchi?" Sabata yomweyo ndinapita kukagula mikisa.

Pa ntchito imeneyi kamakinaka ndilibe nako mawu. Ndimayamba pa sipidi yoyamba mpaka zoyerazo zichite thovu ngati la sopo, kenako ndimakweza kufika pa 4. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi thovu limakhala loyera mbuu, lonyezimira, ndipo ukatukula timawaya timasiya kansonga koima kokhota pang'ono kumutu. Alamu anandiuza kuti muyeso wake ndi wozondotsa mbale pamwamba pa mutu wako. Tsiku loyamba mwana wanga wamkazi anabisa nkhope m'manja akudikira kuti amayi asambe mazira. Palibe chinagwa. Kuyambira pamenepo amalimbira kuti azizondotsa ndi iyeyo, koma ine sindinafike pomukhulupirira.

Pali zina zimene poyamba ndinkaimba nazo mlandu makinawa pamene wolakwa ndinali ine. Tsiku lina thovu linakana kukwera ngakhale ndinapukusa mphindi khumi. Ndinali nditagwiritsa ntchito mbale ya pulasitiki imene dzulo lake munali chakudya chamafuta, komanso kadontho ka chikasu cha dzira kanali katagweramo. Mafuta, ngakhale ochepa bwanji, amalepheretsa zoyera za mazira kugwira mphepo. Tsopano ndimagwiritsa ntchito mbale yachitsulo, ndimayamba ndaipukuta ndi ndimu, ndipo dzira lililonse ndimaliswera m'kapu kaye. Ulendo wina ulesi unandigwira, ndinasakaniza thovu ndi chokoleti pogwiritsa ntchito mikisa yomweyo. M'kanthawi kochepa zonse zinaphwa ngati tayala. Pamenepo makina muziwaika pansi. Tengani supuni yaikulu, yambani ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a thovulo kuti chokoleti chifewe, lotsalalo muzilitembenuza pang'onopang'ono kuchokera pansi. Mukatero lowetsani mu furiji kwa maola atatu kapena kuposerapo.

Chokoleti nachonso chili ndi nthumanzi zake zimene mikisa singakuthandizeni. Muzichisungunulira m'mbale yoikidwa pamwamba pa poto wa madzi otentha, njira imene Afalansa amaitchula bain-marie, ndipo madzi asakhudze chokoleticho. Dontho limodzi lokha limachigwiritsa n'kukhala chamibulu ngati dothi. Chikasungunuka chisiyeni chizizire pang'ono musanathiremo zachikasu za mazira, chifukwa zimenezi zimayamba kupsa kutentha kukafika cha m'ma 65°C. Ndipo pogula muziwerenga kuseri kwa pepala. Zambiri zotchipa zolembedwa kuti ndi zophikira mulibe batala wa koko, anaikamo mafuta a zomera zina. Batala wa koko amasungunuka cha m'ma 34°C, kutanthauza kuti akangofika pa lilime wasungunuka kale. Zinazo zimakusiyirani phula kunkhama. Ine ndimasaka cholembedwa 60 kapena 70 peresenti, ngakhale kuti chikwama chimalira.

Nditazolowera mousse ndinayesa kakeke kaja kamene ukakadula pakati chokoleti chimayenderera. Kotchuka kwambiri ndi ka Michel Bras, wophika wa ku Laguiole, amene anakatulutsa mu 1981 n'kukatcha coulant. Iye amaika pakati ganache, chokoleti chosakaniza ndi kirimu, atachiumitsa mu filiza. Ife a pakhomo timadutsa chidule: timangotulutsa kekeyo mu uvuni isanapse mkati. Apa kamikisa kamagwira ntchito yabwino yomenya mazira ndi shuga mpaka ziyere ndi kufufuma. Mu uvuni wanga, pa 200°C, mphindi 11 ndiye pake. Tsiku lina foni inalira, zinakwana 14, ndipo tinadya keke wamba. Anthu anadya mosangalala, amene anakhumudwa ndi ine ndekha.

Tsopano zondinyansa. Chingwe chake ndi chachifupi moti ndimapukusira pafupi ndi soketi, pakona pamene palibe malo oika mbale yachiwiri. Sipidi yoyamba, imene imayenera kukhala yofatsa, ndi yothamanga kale. Nditathira koko wa ufa m'mbale n'kuyatsa, khoma, bulauzi ndi nsidze zomwe zinada. Panopa zaufa ndimayamba ndazisakaniza ndi supuni. Batani lotulutsira timawaya ndi louma, limafuna zala zazikulu ziwiri. Sipidi yachisanu ndi yoopsa pa kirimu: ndinkafuna crème chantilly, kirimu womenya wothira shuga, yoika pamwamba, ndinangocheuka kuyankha mwana, pobwerera ndinapeza batala akusambira m'madzi. Kirimu muzimutenga wozizira kuchokera mu furiji, mukhale pa 3, ndipo maso asachoke m'mbale. Phokoso lake nalo si la masewera, simungapukuse mwana wakhanda ali m'tulo chipinda chapafupi.

Timawaya tokandira fulawa tija ndi tongokometsera bokosi. Ndinayesa kukanda fulawa wa mandasi, pasanathe mphindi zisanu makina anatentha n'kuyamba kununkha ngati waya wopsa. Ndinazimitsa msanga ndipo sindinayesenso. Ngati mukufuna mikisa ya buledi kapena ya geni ya mandasi, ndalama yanu isapite apa.

Chopukusira chamanja chosalira magetsi musachitaye. Magetsi anandizimira thovu lili pakatikati, ndipo zoyera za mazira sizidikira munthu, zimayamba kutsika n'kutulutsa madzi pansi. Ndinamaliza ndi dzanja, thukuta lili kamukamu, koma mousse inapulumuka.

Chinthu china chimene alamu anandichenjeza, nanenso ndikuchenjezeni: mu mousse mazira sapsa. Gulani atsopano, asungeni mu furiji, ndipo chakudyachi chidyedwe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mchemwali wanga ali woyembekezera, iye ndimamuphikira kakeke ka mu uvuni kaja, n'kukasiya kapse mpaka mkati.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha chingwe ndi sipidi yoyamba ija. Apongozi anabweranso mwezi watha. Anamaliza kapu yawo, anapala ndi supuni mpaka pansi, kenako anafunsa ngati kapu imene inatsala mu furiji ili ndi mwini wake.