Mukasiya VFR800 kapena FJR1300: Ninja 1000SX, GSX-S1000GT, Tracer 9 GT, NT1100 ndi R1250RS, iti ingakukwaneni?

Njinga zamoto za Honda VFR800 ndi Yamaha FJR1300 zinachoka pamsika wa ku Ulaya pamene malamulo a utsi a Euro 5 anayamba kugwira ntchito pa njinga zonse mu 2021. Amene njinga zawo zakalamba tsopano amazungulira pa mayina asanu: Kawasaki Ninja 1000SX, Suzuki GSX-S1000GT, Yamaha Tracer 9 GT, Honda NT1100 ndi BMW R1250RS. Za mphamvu sitichedwapo. Yofooka pa zonsezi, NT1100, ili ndi 100 hp, ndipo Suzuki imafika 150 hp. Palibe msewu wa boma umene ungamalize mphamvu zimenezi. Chimene chimagulitsitsa njinga pakangotha miyezi isanu ndi umodzi ndi khosi, mawondo ndi matako.

Musanapite kwa ogulitsa, yezani kaye njinga yakaleyo. Tengani tepi, muyeze kuchokera pamene pali potsika kwambiri pa chishalo kufika pamwamba pa chopondera phazi, kenako kuchokera pomwepo kufika pakati pa chogwirira cha handulo, ndipo muonenso kuti handuloyo yakwera bwanji kuposa chishalo. Lembani manambala atatuwa, ndipo pambali pake mulembe chiwalo chimene chimayamba kudandaula mukayenda maola awiri osaima. Tepi yomweyo mupite nayo kukayeza njinga yatsopano. Kabuku ka kampani kamangotchula kutalika kwa chishalo kuchokera pansi, koma mukakhala paulendo phazi silikhala pansi, limakhala pa chopondera.

Tiyambe ndi nambala imene aliyense amafunsayo. VFR800 ya kuyambira 2014 inali ndi chishalo cha 789 kapena 809 mm, ndiye wochoka kumeneko aona kuti zonse zatsopanozi zakwererapo. Suzuki ili pa 810 mm. Tracer 9 GT ya 2021 imasinthika, 810 kapena 825 mm, popanda sipanala. NT1100 ndi R1250RS zili pa 820 mm. Ninja 1000SX yogulitsidwa ku Ulaya ili pa 835 mm, koma ya ku Japan ndi ku America ndi 820 mm, choncho woitanitsa yogwiritsidwapo kale afunse kuti inachokera msika uti.

Nambala imeneyi payokha imanamiza. Chishalo chikakhala chotakata kutsogolo chimatangadza ntchafu, ndipo miyendo imafupika. N'chifukwa chake munthu amene amaponda bwino pa Ninja, imene kutsogolo kwake n'kowonda, angathe kuimirira ndi zala zokha pa NT1100 ngakhale nambala yake ndi yocheperapo. Dziyezeni mutavala nsapato zokwerera: tsamirani khoma, panani buku pakati pa miyendo, muyeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Ngati simukufika 76 cm, BMW ndiyo inakuganizirani kwambiri, chifukwa imagulitsa zishalo zake zenizeni za 790 ndi 760 mm, komanso ya 840 mm ya anthu ataliatali.

Koma chishalo chotsika chili ndi mtengo wake. Zopondera sizitsika nacho. Mukachotsa 60 mm pa chishalo mwachotsanso 60 mm pakati pa matako ndi phazi, bondo limapindika kwambiri, ndipo siponji yotsalayo imakhala yopyapyala. Mwapambana pa maloboti, mwaluza pamsewu wautali. Njira ina, yosintha zitsulo zolumikiza shoko yakumbuyo kuti njinga yonse itsike, imasunga bondo koma imabweretsa pansi pa injini pafupi ndi mahampu, ndipo sitandi ya pambali imakhala yaitali: njinga imaima chilili, kamphepo pang'ono yagwa. Wotsitsa chotero afupikitsenso sitandi ndipo atsitse kutsogolo mofanana, apo ayi njinga imakana kukhota.

Ngati dandaulo lanu ndi mawondo, njinga zisanuzi zagawika pawiri. Suzuki ndi Ninja zinabadwa kuchokera ku njinga zothamanga. Injini ya Suzuki ndi mdzukulu wa GSX-R1000 ya 2005, ndipo zopondera zake zili m'mwamba komanso cham'mbuyo kuti zisakhule phula pokhota. Phatikizani zimenezo ndi chishalo cha 810 mm, munthu wa miyendo yaitali amakhala wopindika ndithu. Ninja ya 835 mm imapatsa bondo mpata wochulukirapo, n'chifukwa chake wamtali asaifunefune ya ku Japan. Tracer ndi NT1100 zimakukhazikani miyendo itatsika bwino. Zopondera za Tracer zili ndi malo awiri, koma musasangalale msanga: malo achiwiriwo amazikweza ndi 14 mm, sazitsitsa. Chothandiza wamtali ndi kukweza chishalo ku 825 mm. BMW ili pakati, koma ili ndi nkhani yake. Masilinda ake awiri anatuluka m'mbali, kutsogolo kwa misongolo, moti simungatambasulire mwendo kutsogolo kuti bondo lipume, ndipo masabata oyamba msongolo umagunda silinda potsitsa phazi.

Za manja ndi khosi n'zimene zimachotsa anthu ambiri pa VFR, chifukwa mahandulo ake ndi otsika ndipo thupi limatsamira pa zikhatho, makamaka m'tauni momwe mulibe mphepo yokukankhirani m'mbuyo. Ninja ndi Suzuki zimakudzutsani kuposa VFR koma mumaweramabe pang'ono. R1250RS imakutambasulani kwambiri pa zisanuzi: handulo ili patali, ndipo wa mikono yaifupi amaongola zigongono, zimene zimatumiza bampu iliyonse molunjika m'mapewa. Chigongono chizikhala chopindika pang'ono ngakhale mutakhotetsa handulo mpaka kumapeto. Pa Suzuki vutoli n'losavuta kukonza chifukwa handulo yake ndi chitsulo chimodzi, mumangoika zokwezera za 20 kapena 25 mm pansi pake. Mukatero khotetsani mbali zonse muone ngati payipi ya buleki ndi nthambo ya kilachi sizikukoka, komanso ngati dzanja silikugunda galasi. Ninja ili ndi zogwirira ziwiri zosiyana, ndipo kuzikweza kumafuna zida zopangidwira njinga imeneyo basi.

Tracer ndi NT1100 zimakukhazikani mowongoka, manja opepuka. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika ali m'shopu, chifukwa kwa mphindi zisanu kukhala kotere kumakoma kuposa kwina kulikonse. Kulemera kumene kwachoka m'manja sikunasowe, kwapita ku matako ndi kunsi kwa msana. Amene ali ndi vuto la chiuno nthawi zambiri amapeza bwino pa njinga yoweramitsa pang'ono, chifukwa ntchafu zimasenza gawo lina ndipo bampu siikwera molunjika mu msana. Ife tinganene kuti wa khosi ndi zikhatho apite ku Tracer kapena NT1100, wa chiuno ayese kaye Ninja.

Dzanzi la m'zala ndi nkhani ya injini. Za masilinda anayi, Ninja ndi Suzuki, zimanjenjemera mwakachetechete koma mofulumira, ndipo kunjenjemera koteroko n'kumene kumaziziritsa zala pakapita ola. Suzuki inaika labala pansi pa handulo pofuna kuchepetsa zimenezi. Kawasaki, potulutsa Ninja 1100SX mu 2025, inatalikitsa giya yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi kuti injini isamazungulire kwambiri pamsewu waukulu. Za masilinda awiri, Honda ndi BMW, zimagunda mwapang'onopang'ono, mumazimva koma sizipha zala. Cruise control, chida chosunga liwiro limodzi pachokha, imapumitsa dzanja lamanja. Pa BMW yogwiritsidwapo kale onetsetsani kuti mwini woyamba anaiikitsa, chifukwa zinthu zambiri pa njinga imeneyi zinkagulidwa padera.

Mphepo ndiye yovuta kuilosera. Galasi lakutsogolo silichotsa mphepo, limangoisuntha, ndipo pamene mphepo yosunthidwayo ikuthera pamakhala chipwirikiti. Ikathera pachifuwa, mutu umakhala mu mphepo yoyera, phokoso lake n'lopirika. Ikadutsa pamwamba pa chisoti, zii. Ikathera pa chisoti penipeni, mutu umagwedezeka ndipo makutu amalira mpaka madzulo. Kumene ithere kumadalira kutalika kwa msana wanu, osati msinkhu wonse, n'chifukwa chake anthu awiri ofanana msinkhu amatsutsana pa galasi limodzi. NT1100 imatchinga kwambiri: galasi la NT1100 ya 2022 mpaka 2024 lili ndi malo asanu pa mtunda wa 164 mm, kuphatikizapo zotchinga m'mbali mwa manja ndi mapazi, koma kulisintha kumafuna kuima. La Tracer ya 2021 mpaka 2024 limasunthika ndi dzanja limodzi, ngakhale lili kutali ndi nkhope ndipo ambiri amalisintha chifukwa cha phokoso. La Ninja lili ndi malo anayi, la BMW awiri. La Suzuki silisuntha n'komwe. Likapanda kukuyanjani mugula lina. Wochoka pa FJR1300, wozolowera galasi loyenda ndi batani, pa zisanuzi ndi Tracer 9 GT ya kuyambira 2025 yokha imene imubwezere zimenezo. Ndipo kotentha, monga ku Chikwawa kapena ku Limpopo mwezi wa October, kutchinga kwa NT1100 kumasanduka chilango chifukwa mphepo siifika pathupi.

Pa kulemera, Tracer ya 2021 ili pa 220 kg, Suzuki 226, Ninja 235, NT1100 238 ndipo ya DCT yosintha magiya yokha 248, BMW 243. Zonse n'zopepuka kwambiri kuyerekeza ndi FJR imene imayandikira 290 kg. BMW siimveka kulemera monga nambala yake chifukwa injini ili m'munsi. Musanagule, ikankheni chobwerera m'mbuyo injini itazima, mabokosi ali pomwepo.

Wonyamula mayi akunyumba kumbuyo ayang'ane zinthu ziwiri. Choyamba ndi mpando: wa NT1100 ndi wa Tracer ndi otakata, zopondera zili m'munsi, wa Suzuki ndi wa Ninja ndi okwera, ndipo wokwera kumbuyo amatsetserekera kutsogolo pa buleki. Chachiwiri ndi sipuling'i yakumbuyo. Munthu wachiwiri ndi katundu zikakwera, kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumapepuka, nyali imaloza kumwamba. Njinga iyenera kutsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wa shoko, ndiye kuti 40 mpaka 50 mm. Ninja, Tracer 9 GT ndi NT1100 zili ndi chopotokola cha pambali cholimbitsira sipuling'i ndi dzanja. Suzuki imafuna sipanala yangowe ndi kugwada, ndipo chifukwa cha ulesi ambiri amangoyenda osasintha, kenako n'kumati chishalo n'choipa. BMW yokhala ndi Dynamic ESA, mashoko oyendetsedwa ndi kompyuta, imadzisinthira yokha.

Msewu ukakhala wa zigamba ndi maenje, ulendo wa mashoko ndiwo umateteza msana. NT1100, imene inatenga injini ndi felemu kwa Africa Twin, ili ndi 150 mm kutsogolo ndi kumbuyo ndipo pansi pake patalika 175 mm. Ninja ndi Suzuki zili ndi 120 mm kutsogolo ndipo pansi pake sipapitirira 140 mm. Pa N3 pakati pa Johannesburg ndi Durban kusiyanaku simukumva. Pa M1 ya ku Malawi mukumva pa hampu yoyamba ya pamsika. Thanki ya NT1100 ndi ya malita 20.4 ndipo Honda imati imafika makilomita 400. Za malita 19 za Ninja ndi Suzuki zimakhala zikupempha kale mafuta musanamalize ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe. Sitandi yapakati, yofunika pothira mafuta pa tcheni muli paulendo, ilipo pa NT1100 ndi Tracer, palibe pa Ninja ndi Suzuki. BMW ilibe tcheni, imayendera shafuti.

Poyesa njinga musavomere kuzungulira mdadada umodzi. Pemphani mphindi zosachepera 40, muvale chisoti ndi jekete zanu zomwe, ndipo mphindi 20 zikhale za liwiro limodzi la pamsewu waukulu, galasi mukuliyesa pamalo ake onse. Kwezani thupi pang'ono muli m'kati moyenda: phokoso likachepa mutadzuka, galasi limenelo likuthera pa chisoti chanu. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale, suzumirani pansi pa shoko muone ngati zitsulo zolumikizira sizinasinthidwe, muyang'anenso ngati mapayipi a mafoloko (mashoko akutsogolo) atuluka pamwamba kuposa muyeso, chifukwa njinga yotsitsidwa ikupatsani chithunzi cholakwika. Dinani chishalo ndi chala chachikulu pamalo okhalira: chala chikafika pa pulasitiki mosavuta, siponji yatha, ndipo mtengo wosokanso chishalo uchotsedwe pa mtengo wa njinga.