IVIM mu DIPY: f ndi D zimatuluka bwino, koma D* samalani naye

Amene mukufuna kuyeza kayendedwe ka magazi mu ubongo pogwiritsa ntchito diffusion MRI (sikani yoyeza mmene madzi amayendera m'thupi), osabaya munthu jakisoni wa gadolinium (mankhwala owalitsa zithunzi za MRI), DIPY ndi pulogalamu yoti muiyese. Ndi ya Python, yaulere, code yake aliyense atha kuiwerenga, ndipo ine ndikunena za gawo lake la IVIM (intravoxel incoherent motion) basi.

IVIM anaibweretsa Denis Le Bihan mu 1986, mfundo yake ndi yoti mu voxel imodzi (kabokosi kamodzi ka chithunzi cha MRI) muli madzi ena ongoyendayenda pang'onopang'ono mu minofu ndiye palinso ena othamanga ndi magazi mu timitsempha tating'ono tokhotakhota. Umafuna manambala atatu, D woyeza kuyenda kwa madzi a mu minofu, D* woyeza kuyenda kwa othamangawo, ndi f amene akusonyeza kuti magaziwo atenga gawo lalikulu bwanji.

Mu DIPY njira zofitira (zopezera manambalawa kuchokera ku siginolo) zilipo ziwiri. Yoyamba ndi trr, iyi ndiye ndimaikonda chifukwa imagawa ntchito, imayamba yapeza D pa ma b-value (nambala yosonyeza mphamvu imene sikani ikumvera kuyenda kwa madzi) akuluakulu pomwe siginolo ya magazi yatha kale, kenako nkubwerera ku ma b ang'onoang'ono kukasaka f ndi D*, pomaliza nkukonza zonse pamodzi. Ndi yachangu ndithu ndipo ikalakwitsa umaona pomwe yalakwitsira. Inayo ndi varpro, imasaka mayankho malo ambiri kotero siikodwa msanga pa yankho labodza, koma eeh imadya nthawi, ubongo wonse pa laputopu wamba mudikira mpaka kutopa, komanso imafuna muike kaye pulogalamu ina ya Python yotchedwa cvxpy. Yesani pa slice imodzi musanaiyambitse pa zonse.

Tsono vuto lenileni si pulogalamu ayi, ndi ubongo womwewo. f mu ubongo ndi wochepa, nthawi zambiri safika 10 peresenti, pomwe ku chiwindi amakhala wamkulu kwambiri, ndiye siginolo imene ukufuna kuchotsamo D* ndi kachidutswa chabe ndipo noise ikangochuluka pang'ono mapu a D* amatuluka mathothomathotho, voxel iyi nambala yaikulu yoyandikana nayo yagunda pa malire amene unaika. Mapu a D amatuluka osalala, cha pa 0.0007 kapena 0.0008 mm²/s, osadandaulitsa. A f ali pakatikati, amawerengeka ngati muli ndi ma b-value okwanira pansi pa 200.

China chimene chimapusitsa anthu ndi CSF. Madzi amenewa D wake ali cha pa 0.003, amathamanga kuposa a mu minofu, ndiye model imawatenga ngati magazi, mukaona f wawala mbee m'mbali mwa ma ventricle (timphako ta madzi ta m'kati mwa ubongo) ndi m'mphepete mwa ubongo musasangalale, pangani kaye mask yochotsa malo a CSF. Ma b opitirira 1000 nawonso asiyeni, kumeneko kurtosis (kupatuka kwa siginolo pa zimene model ikuyembekezera) imayamba kupinda mzere ndipo f amakwera popanda chifukwa.

Pa njira zina zofitira monga za Bayesian kapena ma neural network ngati IVIM-NET mudzafunika kuyang'ana kwina, mapu ake amaoneka okongola zedi ngakhale ine kusalala kwakeko kumandikayikitsa, kathu kakang'ono kangathe kufufutika momwemo.

Kwa wophunzira kapena wofufuza amene akuyamba ndingaipatse DIPY 4 mwa 5. Yambani ndi trr, chotsani noise musanafite, ndipo D* muzitenga avereji ya dera lonse osati voxel imodziimodzi.