Flat ya ku St Kilda: malo ndi abwino, koma "tram yaulere" ija inandivula pamaso pa apongozi

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo imodzi mwa zitatuzo si ya flat ayi, ndi ya agogo ena okhala pansi pake. Ndikanalemba usiku womwe tinafika bwenzi pano mukuona imodzi yokha.

Tinakhalako masiku anayi mu January, ine, madam, mwana wathu wa miyezi 8 ndi apongozi anga amene anabwera kuchokera ku Dowa kudzatithandiza kulera. Ife timakhala ku Perth, ku Australia, ndiye tinati asabwerere kumudzi ataona Perth yokhayokha, akaoneko Melbourne, kumene kuli St Kilda yo. $190 pa usiku, kuphatikiza ija amati yokonzera m'nyumba imene imangotulukira pamene mwatsala pang'ono kulipira, mukuidziwa kale. Chimene chinandikopa pa malondawo ndi mzere umodzi, analemba kuti nyanja ndi mphindi ziwiri ndipo pali tram yaulere (kasitima koyenda mumsewu) yochokera m'tauni mpaka pakhomo. Sindinadabwe nazo olo pang'ono chifukwa kwathu ku Perth mabasi a CAT timakwera ulele tsiku ndi tsiku. Komabe ndinamutumizira meseji mnyamata amene amayendetsa flat yo, kumufunsa kuti tikatsika SkyBus, basi yochokera ku bwalo la ndege, pa siteshoni ya Southern Cross tipange bwanji, iye kuyankha mawu atatu anayi basi, mukwere 96, ndi yaulere, mutsike pa Fitzroy Street. Meseji imeneyo ndikadali nayo mu foni, sindifufuta.

Ndiye tafika pa Southern Cross cha m'ma 4 madzulo, zikwama zitatu, pram, mwana akulira, kutentha kwake kosati masewera. Pa siteji palinso chikwangwani cholembedwa bwinobwino kuti Free Tram Zone, ine mumtima ndati eya, mnyamata uja sananame. Tram 96 yabwera, yaitali, yopanda masitepe, pram inangolowa yokha, apongozi anthu awapatsa mpando pompo, zonse bho. Tawoloka mtsinje wa Yarra, kenako tram yasiya msewu wa magalimoto yalowa m'kanjira kakekake n'kuyamba kuthamanga ngati sitima. Apa ndivomere, chifukwa sindikufuna munthu adzanene kuti ndinabisa, mu tram mumalankhula mawu ochenjeza kuti gawo laulere likuthera pano, amene mukupitirira gunditsani khadi. Ndinadzawamva bwino mawa lake. Tsiku limenelo ndi phokoso la mwana, ndi chizungu cha kuno chomeza mawu chija, komanso munthu wakuuza kale kuti ndi zaulere, khutu limangodutsitsa.

Titadutsa South Melbourne analowa anthu anayi, khomo lililonse mmodzi, ma jekete akuda, mabaji pachifuwa, timakina m'manja. Anthu onse akutulutsa makhadi awo olipirira ulendo, otchedwa myki, mwakachetechete, ine ndili phee, ndikumwetuliranso, munthu wosalakwa. Mayi wina wa m'gululo wandifika, akuti khadi yanu bambo. Ine ndati iyi si yaulere kodi? Anandiyang'ana mmene amayang'anira munthu amene wamva funso lomwelo kambirimbiri, n'kuti yaulere inathera kumtsinje kuja, muli angati? Ndati akuluakulu atatu. Akuti titsikire limodzi pa siteji ikubwerayi.

Abale inu. Kutsitsidwa mu tram ndi zikwama, pamaso pa apongozi, tsiku loyamba, mkamwini amene wakhala akudzitama pa ndege yonse kuti kuno ndikudziwako. Tinatsika pa Middle Park, pali kanyumba kakale ka siteshoni ya sitima, tram yathu n'kumapita anthu akutisuzumira pawindo. Ndinawaonetsa meseji ija, anaiwerenga awiri, wina mpaka anapukusa mutu, koma akuti ife sitigamula mlandu, timangolemba, kalata idzakupezani kunyumba ndipo mukhoza kudzadandaula pamenepo. Ndalama salandira, ndiye amene munazolowera zokambirana pambali za "tione ya fanta" musayese n'komwe, mungodziwonjezera mlandu. Anafuna ziphaso. Ine ndi madam ma laisensi, zosavuta. Apongozi pasipoti yawo anali ataisokera m'kathumba, kathumbako n'kumangirira m'chiuno mkati mwenimweni mwa chitenje, monga anawalangizira anzawo a Mvano kuti kunja kuli akuba. Ndiye panafunika kuti madam atambasule chitenje china awatchingire, ine ndatembenuka kuyang'ana mitengo ya ku Albert Park ngati ndikuwerenga masamba, ofesala wachimuna nayenso watembenuka, tonse awiri taima chogonekerana misana ndi apongozi ngati tili pa mwambo. Ndipo iwo osakwiya ayi, anangofunsa chapansipansi kuti, "Akamwini, atimanga kodi?" Ndati ayi amayi, angolemba maina. Iwo, "Maina alembedwa ku boma la eni ake, chabwino." Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandikalipira.

Chilungamo chake anthu aja sanatichitire mwano, mayi uja anatilozeranso kogula makhadi n'kutiuza kuti mu tram simugulitsidwa myki, mumagula ku siteshoni, pa makina a m'masiteji ena kapena mu 7-Eleven. Mkwiyo wanga wonse uli pa mnyamata wa flat. Titafika ndinamulembera zonse, modekha poyamba. Patapita maola awiri akuyankha kuti pepani kumva zimenezo, koma aliyense amadziwa kuti yaulere ndi ya mkati mwa tauni mokha, n'kuikapo kankhope komwetulira. Aliyense ndani? Munthu wochokera ku Perth, maola anayi pa ndege, adziwira kuti malire a ulele wa mumzinda wanu? Nanga unalemberanji kuti mpaka pakhomo? Sanayankhenso. Tsiku lachitatu anatumiza meseji yokonzeratu ija yoti tikukhulupirira mukusangalala, musaiwale kutipatsa nyenyezi zisanu.

Za flat yeniyeniyo ndinene mwachidule. Ndi yaukhondo, mabedi abwino, madzi otentha osavuta, khitchini ili ndi mapoto okwanira moti nsima inaphikidwa. Ili pamwamba, magawo atatu a masitepe okhotakhota opanda lifiti, zimene sanalembe paliponse, ndiye pram ndimainyamula pamutu ngati thumba la chimanga kawiri katatu pa tsiku. Fani imodzi nyumba yonse. Lachisanu ndi Loweruka usiku Fitzroy Street sigona, oledzera, oimba, ma tram nawonso usiku umenewo amayenda mpaka kucha, ngati tulo tanu ndi topepuka tsekani mawindo mupirire kutentha. Mphindi ziwiri za kunyanja zija ndi zisanu ndi ziwiri ukamayenda ndi munthu wamkulu, koma pamenepo sindikudandaula.

Zinthu zinatembenuka m'mawa wa tsiku lachiwiri. Ndikutsika ndi pram pamutu ndakumana ndi agogo ena achizungu akuthirira maluwa pakhomo, akundifunsa ngati ndife alendo a pamwamba. Kani flat yo ndi yawo, mnyamata uja ndi mdzukulu wawo amene amangowagwirira za pa intaneti. Ndinawafotokozera, mwaulemu ndithu chifukwa ndi munthu wamkulu. Anaika kathini pansi, n'kukwera masitepe onse aja pang'onopang'ono akugwira chitsulo, kulowa m'khitchini, kutsegula diroo yachiwiri ya pansi pa ketulo. Muli makhadi a myki asanu omangidwa ndi labala, ena ali ndi ndalama kale, osiyidwa ndi alendo akale. Akuti ndinamuuza mwana ameneyu kuti azinena za makhadiwa komanso achotse mawu aja. Inde sakanatipulumutsa pa ulendo woyamba uja, koma tinali titagula kale atatu atsopano usiku womwewo. Madzulo ake anabwera ndi bokosi la makeke a pa Acland Street, mashopu aja amene anayambitsidwa ndi anthu ochokera ku Ulaya, mawindo odzaza makeke mpaka kumwamba, n'kukhala pansi ndi apongozi pafupifupi ola lonse. Wina Chichewa wina chizungu, madam kumasulira apa ndi apo, koma zambiri amangomvana okha, kuonetsana zithunzi za adzukulu. Ndi iwo anatiuza kuti njira ya 96 ija inali njanji ya sitima kuyambira 1857 mpaka anaisandutsa ya tram mu 1987, n'chifukwa chake masiteji ake amaoneka ngati masiteshoni. Iwo akuti anakwerapo sitimayo ali mtsikana.

Ukakhala ndi khadi m'thumba, kayendedwe ka dera limeneli ndi kokoma, pamenepa sindinganame. Galimoto simuifuna, ndipo poimika pake m'mbali mwa nyanja ndi polipira. Khonsolo yake amaitcha City of Port Phillip, inaphatikiza St Kilda, South Melbourne ndi Port Melbourne mu 1994, ndipo konseko ma tram amafika. 96 imakutengani m'tauni mpaka pa Acland Street, 16 imadzera St Kilda Road, 12 imadutsa Clarendon Street, 109 ndiyo ya ku Port Melbourne kumene kumakocheza sitima zikuluzikulu zapamadzi pa Station Pier. Mukangokwera gunditsani khadi pa kamakina mumve kulira, basi, ndipo pa tsiku pali malire a ndalama imene angakudule, ukafika pamenepo maulendo otsalawo sakudulanso. Ine pofika tsiku lachitatu ndimagunditsa mpaka kuyang'ananso kawiri, apongozi nawo khadi yawo ili m'manja kuyambira pa masitepe a nyumba, akuti sakufuna kulembedwanso.

Ku South Melbourne Market tinapita Lamlungu m'mawa, msika wakale wa 1867, nsomba zake zabwino koma apongozi atamva mtengo wa kabichi n'kuusintha m'makwacha anangoti tiyeni tizipita. Masana ake pa Esplanade pamakhala msika wa zosemasema ndi zojambula, Lamlungu lokha. Luna Park tinangoonera panja. Khomo lake ndi chinkhope chachikulu chakuyasamula, mano onse pamtunda, anthu amalowera m'kamwa, chilipo kuyambira 1912. Apongozi anaima patali n'kunena kuti iwo ndi a mpingo, zolowa m'kamwa mwa chilombo anazisiyira a dambwe. Tinaseka mpaka mwana anadzuka. Kasitima kake ka matabwa kokwera ndi kutsika kaja kamayenda ndi munthu ataimirira pakati akugwira buleki ndi manja, ine ndinangoona ndili pansi ndipo zinandikwanira. Pafupi pomwepo pali Palais Theatre, chinyumba chokongola, sitinalowe. Nyanja yake ndi yofatsa, ilibe mafunde aukali ngati a ku Perth chifukwa ndi yotsekeka mbali zonse kungosiya kakhomo kakang'ono, moti apongozi anati ikufanana ndi ya ku Salima, kungoti yamchere ndi yozizira. Anaviikamo mapazi okha.

Koma chimene chinachotsa mkwiyo m'nyumba mwathu ndi ma penguin. Agogo aja ndi amene anatikakamiza, akuti musachoke musanawaone, ndipo mutenge majuzi. Ine ndimati majuzi a chiyani kutentha konseku, koma ukayenda pa mlatho wa St Kilda Pier kulowa m'nyanja dzuwa litalowa, mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Mu January dzuwa limalowa mochedwa, cha m'ma 8:40, ndiye mwana anali atagona kale kumbuyo kwa agogo ake. Kumapeto kwa mlathowo kuli mpanda wa miyala umene anamanga pokonzekera ma Olympics a 1956 kuti uzitchinjiriza maboti, ndiye timbalame timeneti tinadzangokhazikika m'mipata ya miyalayo. Timadikira mdima kenako timatuluka m'madzi, kamodzi, kenako tiwiri, kutalika kwake ngati botolo la Sobo, msana wabuluu modera, pamimba poyera, kuyenda kwake kodzandira ngati munthu wavala nsapato za mnzake. Kulira kwake ndiye simungakhulupirire kuti kukuchokera m'kanthu kakang'ono choncho. Oyang'anira amaletsa flash ndi kukhudza, ndipo amanenadi mosanyengerera. Kamodzi kanadutsa pafupi ndithu ndi pamene tinaima, kanaima, kudzikuna ndi mlomo, kumbuyo kwake magetsi onse a mzinda wa Melbourne akuwala pamadzi. Apongozi anandigwira mkono, chinthu chimene sanapangepo chikwatirire mwana wawo, akuti, "Akamwini, taonani bakha woyenda chilili!" Kubwerera konse mu tram nkhani inali yomweyo, ndipo voice note imene anatumiza kumudzi usiku umenewo inali ya mphindi 6, za kulembedwa maina sanatchulemo.

Pochoka agogo aja anati amuuza mdzukulu wawo atibwezere ndalama ya usiku umodzi. Inabweradi patatha sabata, popanda ngakhale liwu limodzi lochokera kwa iye. Makalata aja anafika ku Perth, atatu, aliyense yake, ya apongozi dzina analilemba molondola bwino. Ndalemba kudandaula, ndaikapo chithunzi cha meseji ija ndi matikiti a ndege osonyeza kuti tinali titangofika kumene, pano tikudikira yankho. Kodi ndingadzagonenso pamenepo? Mwina, ngati ndilibe pram, ndipo ndingakagogode kaye kwa agogo pansi ndisanayankhule ndi wina aliyense. Makhadi athu atatu tinawasiya mu diroo yomweyo, yachiwiri pansi pa ketulo, muli timadola pang'ono. Ndayang'ananso malonda a flat yo m'mawa uno ndisanalembe izi, mzere wa tram yaulere mpaka pakhomo ukadalipo.