Stack, recursion kapena rfind: iti yothetsera ma ternary olowana?

Anzathu amene akukonzekera ma interview a ntchito zamakompyuta kuno ku Johannesburg amafunsa kawirikawiri za funso ili: mwapatsidwa string (mndandanda wa zilembo) ya ma ternary olowana ngati "T?T?F:5:3", pezani yankho. Ternary imalembedwa a?b:c, kutanthauza kuti a ikakhala yoona yankho ndi b, apo ayi ndi c. T ndi zoona, F ndi zabodza, ndipo apa yankho ndi F.

Njira ya rfind, lamulo lofufuza chilembo kuchokera kumapeto kwa string, siyovuta kulemba. Mumapeza "?" womaliza, kuthetsa zilembo 5 zomuzungulira, n'kulumikizanso string. Koma ulendo uliwonse mukukopera string yonse, choncho nthawi yake ndi O(n²): string ikatalika kawiri, nthawi imakula pafupifupi kanayi.

Recursion, pomwe function imadziitana yokha, imaoneka yaudongo, ndipo ndi imene imagwetsa ambiri. Pa zitsanzo zazifupi imayenda bwinobwino. Vuto lili pa kuya: Python imalola kudziitana pafupifupi ka 1000 basi. Chigawo ngati "F?1:" chili ndi zilembo 4 zokha, ndiye string yolowana ya zilembo zoposa 4,000 ikwanira kubweretsa RecursionError. Java nayo imagwa ndi StackOverflowError ikafika malire ake. Kukweza malire ndi sys.setrecursionlimit n'kungokankhira vuto kutsogolo.

Ine ndili kumbali ya stack, mulu umene chomaliza kuikidwa chimakhala choyamba kuchotsedwa. Yambani kuwerenga kumapeto kwa string kubwerera kumayambiriro, chifukwa mu C, Java ndi JavaScript ma ternary amamangirirana kuchokera kumanja. Chilembo chilichonse chiikeni pa stack. Mukatenga chilembo chatsopano n'kupeza kuti pamwamba pali "?", chotsani zinayi: "?", yankho loyamba, ":" ndi yankho lachiwiri. Chilembocho chikakhala T bwezerani loyamba, chikakhala F lachiwiri.

Yesani "F?1:T?4:5". Mwaika 5, ":", 4, "?". Kenako T akusiya 4. Mwaika ":", 1, "?". F akutaya 1 n'kusiya 4, lomwe ndi yankho. Mwadutsa kamodzi kokha, O(n), ndipo kuya sikukukhudzani.

Stack nayonso ili ndi misampha. Nambala ngati 12 imasweka kukhala 2 ndi 1, ndiye yambani mwagawa string m'ma token, zidutswa zathunthu monga 12, "?" ndi ":". Komanso stack imathetsa nthambi zonse ziwiri, ngakhale yosafunika, choncho ngati m'nthambimo muli kugawa ndi 0, pulogalamu ikhoza kugwa pachabe. Pamenepo pokha recursion imapambana, popeza imatha kudumpha nthambi yotayidwa. Olemba PHP musamale: kale inkamangirira kuchokera kumanzere, ndipo PHP 8 imakana ma ternary otsatizana chonchi opanda mabulaketi.